Galimoto ya Chaka Chimodzi

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi a ku banki basi. Ena onse, kuyambira ogulitsa magalimoto mpaka mayi wogulitsa tiyi pakhomo pa galaja, ankawatchula kuti a Isiyeni. Dzinalo analipeza ndi pakamwa pawo pomwe. Munthu akawatenga kuti akamuonere galimoto yakale imene akufuna kugula, iwo ankaizungulira, kuinunkhiza, kugona pansi pake, kenako n'kudzuka, kupukuta m'manja ndi kansanza, n'kutulutsa liwu limodzi lokha: "Isiyeni." Pa magalimoto khumi, asanu ndi atatu nkhani yake inkathera pomwepo. Ogulitsa akangowaona akutsika minibasi ndi chikwama chawo chachikopa, mutu unkayamba kuwawawa.

Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wazikhadabo zakuda zimene sopo anazilephera kalekale. Umakaniko anaugwira zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo msana utayamba kudandaula anasiya kutsitsa mainjini n'kutsala ndi ntchito imodzi yokhayi, youza anthu zoona asanataye ndalama zawo. Anali ndi malamulo awo. Galimoto ankaiona m'mawa, injini isanalizidwe. Akafika, asanapereke ndi moni womwe, ankayamba aika dzanja pa boneti. Akapeza pofunda, ankatembenuka n'kumapita, chifukwa wogulitsa amene walawirira kukatenthetsa injini ali ndi chimene akubisa.

M'chikwama muja munkakhala tochi, maginito okulunga m'kansalu, katoni yopindapinda ndi sikuludilaiva yaitali ngati mkono. Maginito ankawayendetsa m'mbali monse mwa galimoto, ndipo pamene akana kumata, pamenepo panachitikapo ngozi, wina anangomatapo phala n'kupakapo penti. Katoni ankaiyala pansi pa injini kuti iwauze chimene chikudontha. Sikuludilaiva ankaiika nsonga pa injini, chogwirira kukhutu, n'kutsinzina ngati akupemphera. Sankafulumira. Wina akawafulumizitsa ankangomuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma chida chimene chinkaliza anthu chinali pensulo. Akamaliza zonse ankakhala pansi n'kulemba papepala zimene galimotoyo idzafune m'zaka zisanu zikubwerazo: matayala, mabuleki, batire, oyilo, ichi chidzafa chaka chachiwiri, icho chaka chachitatu. Zaka zisanu, osachotsera ngakhale chimodzi, kaya wogulayo ndi mphunzitsi kaya ndi mwini sitolo.

"Galimoto sugula tsiku limodzi," ankatero. "Tsiku lolipira lija ndi tsiku laukwati chabe. Banja limayamba mawa lake."

Kunena zoona, munthuyu sankaphonya. Ndipo palibe chinthu chotopetsa padziko pano ngati munthu wosaphonya, makamaka iye mwini akamadziwa zimenezo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene a Isiyeni ankamutsitsira mawu, ndiye achimwene awo. Anabadwa awiri okha. Bambo awo atamwalira, wamkuluyo anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu n'kuyamba kutsuka magalimoto pa kampani ina, ndipo kutsukako kunamufikitsa pa chiwongolero. Malipiro ake oyamba audalaivala anagulira mng'ono wake bokosi la masipanala, n'kukamupereka kwa mmisiri wina kuti aphunzire ntchito. Popanda bokosi limenelo, a Isiyeni sakanadziwa kusiyana kwa injini ndi mphika.

A Dalaivala, monga mmene anthu ankawatchulira, anayendetsa mabwana anayi motsatizana, zaka makumi atatu ndi chimodzi, osagundapo ngakhale nkhuku. Shati yoyera, tayi yakuda, nsapato zoti ungadzionerepo nkhope. Ankadziwa kuima osagwedeza tiyi wa m'kapu ya bwana, ndipo ankadziwa kusamva zimene zikukambidwa kumpando wakumbuyo. Koma yawoyawo analibe, ngakhale njinga yamoto. Madzulo akaimika chigalimoto cha bwana, ankasiya makiyi kwa mlonda n'kukaima pamzere wa minibasi ngati wina aliyense. Ana Mulungu sanawapatse. Anangokhala awiri ndi akazi awo m'kanyumba ka zipinda ziwiri, kaukhondo koti ntchentche inkachita manyazi kulowamo. Atapuma ntchito, kampani inawapatsa wotchi yapakhoma ndi ndalama za penshoni.

Lachitatu lina a Dalaivala anatulukira ku galaja, atavala tayi ngati akupita kuntchito. Kolala ya shati inali itawakulira, lamba ataboola bowo latsopano, koma a Isiyeni, munthu wotha kumva kabawuti kogwedera ali tsidya lina la msewu, sanaone kanthu. Anawapukutira mpando n'kuitanitsa tiyi.

"Mng'ono wanga, ndapeza galimoto. Ndikufuna ukandionere."

"Ndiye nkhani imeneyo, achimwene! Kagalimoto kakang'ono kosamwa mafuta, koti muzipitira kutchalitchi. Ndi ya mtundu wanji?"

A Dalaivala anatchula mtundu wake. Unali mtundu womwe uja wa mabwana, zigalimoto zazitali za mipando yachikopa, zimene chitseko chake chikamatsekeka chimamveka ngati watseka sefa yosungira ndalama ku banki. A Isiyeni anaseka mpaka tiyi anawatsamwa.

"Mwayamba liti kumwa, achimwene?"

Achimwene awo sanaseke. Anazunguza kapu m'manja kwa kanthawi, kenako anayamba kulankhula akuyang'ana pansi.

"Ukukumbukira chaka chimene mvula inagumula mlatho wa kumsika? Tsiku lina chaka chimenecho ndinanyamula mkazi wa bwana, tikuchokera kokonzetsa tsitsi. Kunali chimvula chosaona ndi kutsogolo komwe. Pa sitolo ya mankhwala paja ndinaona alamu ako ataima, atafunda pulasitiki kumutu, dengu lili m'manja. Anandiona, inenso ndinawaona. Ndinadutsa. Tayala linaponda chithaphwi, madzi onse n'kuwathira. Nditafika kunyumba madzulo ndinapeza andiikira madzi osamba. Sananene kanthu, ndipo mpaka lero sanaitchulepo nkhaniyo." Anapuma pang'ono. "Ndatsegulira zitseko akazi a eni ake zaka makumi atatu. Ndikufuna nditsegulire wanga, pa galimoto yanga."

"Ndiye bwerekani ya tsiku limodzi. Obwereketsa alipo, ine ndikulipirirani."

"Zobwereka ndayendetsa moyo wanga wonse, iwe."

A Isiyeni nkhani ija inawakhudza, inde, koma inawakhudza ngati mmene nyimbo ya pawailesi imakhudzira munthu ali pa ntchito. Mumtima anali atayamba kale kunola pensulo.

Loweruka m'mawa anakumana pa bwalo logulitsira magalimoto, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Akazi a a Dalaivala nawonso anabwera, atavala diresi yabuluu ndi nsapato zatsopano zimene zinkawaluma, moti ankayenda ngati akuponda mazira. Mwini bwalolo anali bambo wina wosavula chipewa ngakhale m'nyumba, ndipo anthu ankangomuti Chipewa. Ataona chikwama chachikopa chija chikulowa pa geti, kumwetulira kwake kunauma.

Galimoto inali pakona, pansi pa denga la malata. Yakuda, yaitali, yowala ngati yangotuluka m'pepala. Ngakhale a Isiyeni mtima unagunda kamodzi, koma sanalole kuti nkhope idziwe. Anaika dzanja pa boneti n'kupeza pozizira, poti Chipewa ankawadziwa bwino. Anabwerera m'mbuyo masitepe asanu n'kupendeketsa mutu. Kumbuyo, mbali yakumanzere, galimoto inali itagwada pang'ono. Zigalimoto zimenezi sizikhala pa masipiring'i ngati zinzake, zimakhala pa zibaluni za mpweya, ndipo chibaluni chimodzi chinali chitayamba kutaya mpweya usiku.

Maginito anamata paliponse, kusonyeza kuti ngozi sinaionepo. Atailiza injini, kumbuyo kuja kunadzuka pang'onopang'ono n'kulingana ndi kwina. Anaika sikuludilaiva kukhutu n'kutsinzina. Injiniyo inkalankhula mwaulemu, osakweza mawu, osatsokomola, moti anakhalitsa akumvetsera kuposa mmene ntchito inkafunira. Zimenezi sanauze munthu.

Anazimitsa, n'kupotozanso kiyi pang'ono, osailiza, akuwerenga timagetsi timene timayaka pa dashibodi. Kamodzi, kamene kamachenjeza za injini, sikanayake. Wina anali atachotsa kababu kake kuti kasamaulule. Anayang'ana Chipewa, ndipo Chipewa anayamba kuyang'ana mbalame padenga. Makilomita olembedwa pa dashibodi anali a galimoto yachinyamata, koma labala la pa buleki linali litaperepeseka mpaka chitsulo kuonekera. Oyilo wa mu giyabokosi ankanunkha chopserera. Atasolola katoni pansi, anapezapo madontho atatu akuda ndi limodzi lofiira.

Nthawi yonseyi a Dalaivala anali atakhala pa chiwongolero. Anasuntha mpando kuti uwakwane, anakonza kagalasi koonera kumbuyo, anatulutsa mpango n'kupukuta fumbi limene panalibe. Akazi awo anaima pafupi ndi chitseko chakumbuyo, kachikwama kali m'manja onse awiri, akusuzumira mipando yachikopa ija. Chipewa, pofuna kukometsa malonda, anatambasula dzanja kuti awatsegulire.

"Ayi, bambo, musatsegule," anatero a Dalaivala mofulumira. "Dikirani pang'ono, mayi. Ikhale kaye yathu."

Mayiwo anamwetulira n'kubwerera m'mbuyo.

A Isiyeni anakhala pa tayala lakale, pepala lili pabondo, n'kulemba mpaka linadzaza mbali zonse ziwiri. Kenako anaimirira n'kuyamba kuwerenga mokweza, monga ankachitira kwa aliyense.

"Tayala limodzi la galimoto iyi ndi lendi yanu ya miyezi iwiri, ndipo onse anayi atsala pang'ono kuonetsa nsalu. Chibaluni chimodzi mtengo wake ndi wa firiji yatsopano. Chimodzi chayamba, zinzake zitatu zikubwera m'mbuyo, pajatu zinabadwa tsiku limodzi. Giyabokosi yatopa. Zipangizo zake simungazipeze m'mashopu muno, n'zoitanitsa kunja, kudikira masabata asanu ndi limodzi galimoto ili pa jeke. Mafuta ndiye musanene, imamwa ngati ikuthawa ngongole."

A Dalaivala anamvetsera zonse, manja ali pa chiwongolero.

"Ndamva. Nanga isanayambe kuvuta, ingayende nthawi yaitali bwanji?"

"Mukamaigwira bwino, mmene mumayendetsera inuyo, chaka. Mwina chaka ndi theka."

"Chaka chathunthu?"

Nkhope yawo inawala ngati mwana amene wauzidwa kuti mawa kulibe sukulu. Kuwalako n'kumene kunawapsetsa mtima a Isiyeni. Anaona ngati ntchito yawo yonse yagwera pamwala.

"Chaka chokha, achimwene! Nanga chachiwiri? Nanga chachitatu? Penshoni yonse ithera pansi pa boneti iyi. Inu ndinu wamkulu, musandichititse kulankhula zambiri pamaso pa anthu. Tonsefe tidzapita, ndipo tsiku lina inu mudzatsogola. Alamu muwasiyira chiyani? Adzadya matayala?"

A Dalaivala anayang'ana akazi awo nthawi yaitali kudzera pa kagalasi kaja. Kenako anazula kiyi, anatsika, anatseka chitseko mosamala, n'kupereka kiyiyo kwa Chipewa ndi manja awiri.

"Wanena zoona, mng'ono wanga," anatero ndi mawu otsika.

"Isiyeni, achimwene."

"Ndaisiya."

Potuluka pa geti akazi a a Dalaivala anavula nsapato zija n'kuvala masilipasi amene anali m'kachikwama. Anakwera minibasi, a Dalaivala atakhala pa kampando kopinda ka pakhomo, kondakitala atawatsamira paphewa.

A Isiyeni anabwerera ku galaja mtima uli m'malo, ngati munthu amene wavuula m'bale wake m'madzi. Ndipo poti nkhani yokoma siikhala m'mimba, anaifotokoza kwa amakaniko anzawo, anaifotokoza kwa mayi wa tiyi, anakaifotokozanso ku shopu ya zipangizo. Chikomekome cha mkuyu, ankatero, m'kati muli nyerere. Za kababu kochotsedwa kaja ndiye ankazibwereza mochita kusewera, kutsanzira mmene Chipewa ankayang'anira mbalame, anthu n'kumagwa ndi phwete. Pasanathe sabata, aliyense wodziwa sipanala m'tauni monse anali atamva za chigalimoto chakuda cha kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Kwa achimwene awo sanapiteko. Ankati awasiye kaye mtima uphwe, adzathokoza okha pambuyo pake.

Patapita masabata asanu, masana dzuwa lili paliwombo, alamu awo anafika ku galaja. Sanakhale pa mpando umene anawapatsa. Anatulutsa envelopu yakhaki n'kuiika pa boneti ya galimoto imene inali pafupi.

"Achimwene anu agwa m'bafa dzana. Ali kuchipatala."

"Dzana? Bwanji osandiuza?"

"Anandiletsa. Lero ndawakanira. Werengani izo, ndazipeza m'sutikesi, pansi pa malaisensi awo akale."

Anali mapepala a kuchipatala. Mawu ambiri a madokotala a Isiyeni sanawamve, koma chimene chinali chofunika anachimva: chotupa m'chiwindi, chitafalikira kale. Anayang'ana deti. Linali la sabata imodzi lisanafike Lachitatu limene achimwene awo anabwera ku galaja atavala tayi.

"Adokotala anawauza kuti miyezi inayi, ikachuluka isanu," anatero alamu awo. "Anadziwa okha, osandiuza ine, osakuuzani inu. Ndiye inu munati galimoto iyenda chaka."

A Isiyeni anakhala pansi penipeni, pa simenti ya oyilo. Achimwene awo anafunsa funso lolunjika, ndipo yankho limene analandira linali lomukwanira, lotsalako ndi chenji. A Isiyeni ndi amene anawonjezerapo zaka zinayi zimene munthuyo analibe. Choipitsitsa, anatenga imfa imene m'bale wawo anali ataisenza yekhayekha n'kumumenya nayo kumaso pamaso pa mkazi wake. Anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire, ndipo chisoni chinabwera pambuyo pa manyaziwo.

"Alamu, ine sindinkadziwa."

"Inenso sindinkadziwa. Koma munandifunsa? Munandiwerengera zaka zisanu za moyo wanga ine nditaima pomwepo, osatembenuka n'kunena kuti kodi alamu, inu mukuti bwanji. Za mvula zija ine ndinaziiwala kalekale. Amene sanaziiwale ndi iwo, ndipo akupita nazo." Misozi anaikaniza. "Kubanki ndapitako kale. Pitani mukatenge galimotoyo, mubwere nayo pakhomo pa chipatala. Matayalawo ndidzadya ndine."

A Isiyeni sanatenge chikwama chachikopa. Anathamanga ndi ovololo yomweyo, msana ataiwala kuti umawawa, n'kukafika pa bwalo paja ali wefuwefu. Pakona paja, pansi pa denga la malata, panali chigoba chakuda chitakhala pa njerwa. Matayala panalibe. Boneti inali yotsegula, m'kati muli dzenje lokhalokha ndi mawaya olendewera. Zitseko zonse zinayi zinali zitachotsedwa, moti munthu ankaona mpanda wa kuseri kudzera m'kati mwa galimoto. Nkhuku ina inali itadzipezera malo pamene panali mpando wakumbuyo.

Chipewa anatuluka mu ofesi yake akutokosa m'mano. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mwabwera kudzapepesa maliro, a Isiyeni?"

"Mwaitani galimoto ija?"

"Ine? Munaipha ndinu. Anabwera anthu atatu kudzaiona. Aliyense akangofika pa geti, akuti kodi ndi ija anaikana a Isiyeni? Ndinatsitsa mtengo kawiri, osapezeka ngakhale woikhudza. Ndiye ndikanatani, ndiziidyetsa malo aulere? Ndaigulitsa chiwalochiwalo. Injini yapita sabata yatha, ndipo amene anaigula waimba foni kuthokoza, akuti sanaonepo injini yabwino chotero. Kababu kaja ndinalakwa, ndikuvomera. Koma galimoto ija chaka ikanayenda."

"Ikanayenda," anavomera a Isiyeni.

Masiku awiri otsatira anazungulira mabwalo onse a m'tauni. Ogulitsa amene ankawathawa aja anadabwa kuona munthu yemweyo akuchonderera, osagwira boneti, osafunsa za oyilo. Ya mtundu umenewo anaipeza imodzi yokha, yatsopanoko, mtengo wake woti penshoni zitatu sizikanakwana. Ndipo pofika tsiku lachiwirilo nkhani ya galimoto inali itatha yokha, chifukwa a Dalaivala sankathanso ngakhale kukhala tsonga pabedi.

Analowa mu wodi nthawi yoona odwala ya masana. Bedi la achimwene awo linali lakumapeto, pafupi ndi zenera loyang'ana koimika magalimoto. Munthu wa tayi uja anali atatsala mafupa, maso achikasu, diripi ili pamkono, koma tsitsi linali lopesedwa bwinobwino. Akazi awo anali pa mpando wapulasitiki pambali pake. Anayang'ana a Isiyeni m'manja, anaona kuti mulibe kiyi, n'kuweramitsa mutu.

"Wabwera, mng'ono wanga," anatero a Dalaivala. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono. "Alamu ako akuti anakutuma."

"Anandituma, achimwene."

"Ilipo?"

Zaka makumi atatu ndi zisanu a Isiyeni anali asananamepo za galimoto, ngakhale kwa mdani.

"Ilipo. Ndaitenga, ili ku galaja. Ndaionanso bwinobwino, achimwene, tsiku lija ndinalakwitsa ine. Giyabokosi ilibe vuto, anangochedwa kusintha oyilo. Chibaluni chija ndi kapaipi chabe kanamasuka, ndamanga. Matayala akadali ndi moyo. Mukangotuluka muno muipeza pakhomo."

A Dalaivala anawayang'ana, kenako chifuwa chawo chinayamba kugwedezeka. Akazi awo anadzambatuka poganiza kuti akubanika, koma munthuyo ankaseka.

"Mayi, mwamumva? Imvi zili mbuu, lero ndiye akuphunzira kunama. Taonani mmene akupotokolera zala zakezo." Anapuma, akufunafuna mpweya. "Sudziwa kunama iwe. Sunadziwepo."

Apa a Isiyeni analephera kudzigwira. Anagwada pambali pa bedi, mutu n'kuuika pa bulangete, n'kulira mokweza ngati mwana, osasamala za odwala ena kapena anamwino.

"Ndikhululukireni, achimwene. Anaiphwasula. Ndi pakamwa pangapa. Ndikanangokhala chete."

"Unagwira ntchito imene ndinakutuma. Masipanala aja ndinagulira zimenezo." Dzanja lopepuka ngati pepala linawagwira pamutu. "Dzuka, ukuchititsa manyazi alamu ako. Khala apa. Pitiriza."

"Ndipitirize chiyani?"

"Bodza lakolo. Wati ili pakhomo. Ndiye?"

A Isiyeni anapukuta kumaso ndi mkono wa ovololo n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anayang'ana alamu awo, ndipo alamuwo anagwedeza mutu kuti apitirize. Anayamba mokakamira, mawu akuduka. Anati galimoto yaima pakhomo, yatsukidwa, thanki ndi yodzaza. Anati a Dalaivala atuluka m'nyumba atavala shati yoyera, aizungulira kamodzi kuona matayala monga mwa chizolowezi chawo.

"Tayi ndavala?"

"Mwavala, yakuda ija."

"Chabwino. Alamu ako atuluka?"

"Atuluka. Akutseka chitseko cha nyumba, akubwera."

A Dalaivala anatsinzina. Dzanja lawo lamanja linanyamuka pang'ono pa bulangete, zala zitapinda, n'kukokera kumbali. Linaima m'malere, ngati lagwira chitseko cha galimoto chotsegula. Akazi awo anasendeza mpando wapulasitiki uja mpaka unagunda bedi, anakhala mowongoka, n'kuika kachikwama pamiyendo.

"Ndalowa, bambo," anatero. "Zikomo."

Dzanja lija linabwerera pang'onopang'ono n'kugwera pa bulangete. A Isiyeni anafotokoza mmene injini yalirira, ndipo apa sanafunike kunama, chifukwa kulira kwake ankakukumbuka bwino. Anawatulutsa pa geti, anawakhotetsa kumanja, anawalowetsa mumsewu waukulu. Belu lotulutsa alendo linalira, anthu anayamba kutolera mabasiketi awo, koma namwino atafika pa bedi lakumapeto anaima pang'ono n'kudutsa osawatulutsa.

"Msewu uli bwanji kutsogoloko?" anafunsa a Dalaivala, maso ali chitsinzinire.

"Uli mbee, achimwene. Mukhoza kuponda."

Alamu awo anagwira dzanja la amuna awo ndi manja onse awiri. Misozi imene anaikaniza masiku onse aja inali ikutsika tsopano, osaipukuta.

"Ayi, musaponde, bambo," anatero. "Yendetsani pang'onopang'ono. Ine sindikufuna kufika msanga."